Chimera cha ku Zambia

Inu, tamverani zomwe zinamuonekera Eliza wa pa boda uja, amene amataipa mapepala a mathiraki mu ofesi ya ajenti wina kuseri kwa osintha ndalama. Ndineneretu kuti pa nkhaniyi palibe woipa. Aliyense anali ndi mfundo yake, kungoti mfundozo zinakumana pa thireyi imodzi.

Eliza anakwatiwa ndi Stefano, womata matayala a mathiraki. Stefano ndi munthu wowonda. Si matenda, si njala, anangobadwa choncho. Akaima kuseri kwa pholo la magetsi mumayamba kufunsa kuti walowera kuti. Koma amayi ake, mayi Anastazia a ku Mkanda, anaiwala kuti mwanayo anali wotero ngakhale pamene ankadya za m'manja mwawo. Atakumana naye pa ukwati wina anamuzungulira kawiri, kenako anayang'ana Eliza. Lachitatu lake foni ya Stefano inalira.

"Loweruka ndikubwera ndi Esitele," anatero mayiwo. "Ndidzaone mmene mukudyera. Zikapanda kundigwira mtima, Esitele atsala konko azithandiza apongozi anga kukhitchini mpaka iwe utanenepa."

Esitele ndi mlongo wake wamkulu wa Stefano. Ndi mkazi wolimbikira ntchito, zimenezo tisamumane, koma akalowa m'nyumba ya munthu mbale zimasamuka, makatani amatembenuzidwa, ndipo mwini nyumba amayamba kupempha chilolezo chogwirira supuni yake yomwe. Nyumba ya Eliza ndi ya zipinda ziwiri. Ndipo mawu akuti "mpaka utanenepa," ponena za munthu ngati Stefano, ankatanthauza mpaka tsiku la chiweruzo.

Kunena chilungamo, mayi Anastazia sankangolota. Ulendo wapitawo anafika masana Eliza ali ndi mathiraki khumi pa mzere, ndiye anawalandira ndi tiyi ndi buledi n'kubwerera kuntchito. Iwo anamwa tiyiyo mwaulemu, n'kukhala pakhonde kudikira chakudya mpaka dzuwa kupendeka. Komanso kunena chilungamo, Eliza amachoka 6 koloko m'mawa n'kubwera 6 koloko madzulo, ndipo Stefano ukamuikira nkhuku yathunthu amaimaliza n'kudzuka ali chimodzimodzi, nkhukuyo osadziwika komwe yapita.

Munthu wofatsa akanangophika mpunga ndi nkhuku yachikuda n'kukhala phee. Zimenezo Eliza anakonzadi. Koma panali kanthu kena kamene kankamudya mumtima. Mayi Anastazia ndi katswiri wa thobwa. Ku Mkanda ukwati umasinthidwa tsiku iwo akagwidwa ndi chimfine. Ulendo uliwonse amafika ndi chigubu cha malita asanu n'kuchikhazika pakati pa nyumba, ngati akunena kuti, "Ndikudziwa kuti muno mulibe chakumwa."

"Ulendo uno chigubu chija chibwerera chosatsegula," Eliza anauza mwamuna wake. "Ndiwakonzera fuloti."

"Fuloti ndiye chiyaninso?"

Eliza anafotokoza. Anamwako kamodzi ku Chipata atatumidwa ndi abwana ake. Pansi pa tambula pamakhala zipatso zophwanyaphwanya, pakati ayisikilimu, pamwamba soda, ndiye ayisikilimuyo amayandama pamwamba mwaulemu ngati bakha wa pa damu.

"Iwe Eliza," anatero Stefano, "amayi aja madzi a mumtsuko amati azizira kwambiri, amayamba awaika padzuwa."

"Inu zanu ndi matayala."

Chimene Eliza sananene n'choti ku Chipata kuja fulotiyo inabwera pa tebulo yokonzakonza, manja a woikonza sanawaone. Kuyeserera kunalibe, poti ayisikilimu anangoitanitsa kontena imodzi, ndipo Eliza si munthu woti angawononge theka la chinthu pofuna kudziwa ngati amachitha.

Kontenayo anaituma kwa dalaivala wina amene ankachokera ku Chipata Loweruka m'mawa. Thiraki inafika ku Mwami, tsidya la Zambia, n'kuima pa mzere. Sikanatha kusuntha, chifukwa mapepala ake anali pa desiki ya Eliza yemweyo, amene Lachisanu anawasiya osamaliza pothamangira kukasankha chinanazi. Ndiye mkazi amene amaolotsa mathiraki a matayala 22 anaoloka wapansi, n'kubwerera atasenza pamutu kulabokosi yosungira zozizira, kontena ija ili momwemo, akuyenda mwandawala m'dzuwa la Novembala, osintha ndalama akumufunsa ngati wayamba geni ya nsomba. Atafika kunyumba anapeza magetsi azima. Analowetsa kulabokosiyo pansi pa bedi n'kuifunditsa bulangete ngati wodwala malungo.

Cha m'ma 11 koloko zonse zinali m'malo. Mango okupsa a pa mtengo wa pakhomo anali ataphwanyidwa ndi foloko, chinanazi chaduliridwa tizidutswa, magalagadeya akumbidwa njere. Matambula anayi anali pa mzere ngati ana a kwaya. Atangomva belu la kabaza panja, Eliza anati mumtima, munthu wochokera padzuwa mpatse chozizira asanakhale n'komwe pansi. Anathamangira kuchipinda, n'kutapa ayisikilimu masupuni awiriawiri m'tambula iliyonse.

Apa ndi pomwe analakwitsa koyamba. Anaiwala malonje.

"Apongozi," mawu anamveka pabalaza, "tabwerani kaye tionane. Za kukhitchini sizithawa."

Za kukhitchinizo zinali zikuthawa, koma angayankhe bwanji? Anabwera, n'kugwada pafupi ndi chitseko. Mayi Anastazia anali atakhala pamkeka, miyendo atatambasula, chigubu chili pambali pawo. Esitele anali atakhalira chikwama chake chachikulu cha mizeremizere, maso ali kale pa makatani.

"Tinadzuka bwino," anayamba mayi Anastazia, "kupatula bondo ili."

Anafotokoza za bondolo kuyambira chaka chomwe linayamba. Anafotokoza za mvula imene inachita mdima Lachiwiri koma osagwa. Anafotokoza za mbuzi ya a neba imene inadya sopo wa Esitele, ndi mmene inayendera tsiku lonse ikutuluka thovu kukamwa. Ananyamuka pa Mkanda, n'kudutsa mudzi uliwonse, n'kutchula odwala ake. Atafika pa mlatho pomwe kabaza inaphwa tayala, Eliza ankachita kumva ayisikilimu akusungunuka kuseri kwa khoma, dontho ndi dontho.

Atamaliza mayiwo anati, "Esitele, nawenso pereka ako."

Esitele anayambiranso pa bondo. Atafika pa mbuzi ananena kuti inali yakuda.

"Inali yamawangamawanga," anatero mayi ake.

"Yamawangamawanga ndi imene inadya chipewa cha abusa. Ya sopo inali yakuda."

Mlandu wa mbuziwo unatenga nthawi yake. Kenako Stefano anayenera kuyankha malonje a kuno ku boda, ndipo poti ndi mwana woleredwa bwino, anayambira pa Lolemba.

Eliza atabwerera kukhitchini anapeza matambula anayi a msuzi woyera, tizidutswa ta chinanazi tikusambiramo. Kutaya? Chinthu choti wachisenza pamutu kuchokera dziko lina? Anatseka chitseko, n'kumwa anayi onsewo ali chiimire, n'kutsuka matambula.

Tsopano m'kontena munatsala theka. Eliza anaganiza kuti ulendo uno sodayo akathirira pamaso pa alendo, ngati mmene amachitira ku hotela, kuti pasakhalenso mpata wa mbuzi. Anaika zipatso, anaika ayisikilimu, ananyamula thireyi, n'kukagwada pamkeka. Anatsegula botolo lalikulu la soda wa malalanje, amene anali atatentha pang'ono poti magetsi kunalibe, n'kuthira msangamsanga, tambula iliyonse mpaka m'khosi.

"Tipemphere," anatero mayi Anastazia.

Onse anatseka maso.

Inu, munamvapo njoka ikulira mu udzu wouma? Phokoso lake linali limenelo. Eliza anatsegula diso limodzi. M'matambula anayi onse munali kutuluka thovu, lamtundu wa dzungu, likukwera modekha ngati lili ndi nthawi yokwanira. Linafika pamlomo pa tambula, linaima pang'ono ngati likuganiza, kenako linapitirira. Ku Chipata kuja bakha ankayandama mwaulemu. Kuno bakha anali atavala chipewa, chipewacho chikukula.

Mayi Anastazia anali akuthokozera ulendo. Anathokozera wa kabaza, ndi tayala lake.

Thovu linatsika m'mbali mwa matambula, linadzaza thireyi, n'kuyamba kufunafuna potulukira. Linapapeza pa ngodya yoyang'ana kwa mayi Anastazia, kumene kunali chitenje chawo chatsopano cha kumpingo. Eliza anayang'ana Stefano, n'kupeza naye watsegula diso limodzi. Anayang'ana Esitele, n'kupeza watsegula onse awiri. Pa anthu anayi, wopemphera anali mmodzi.

Kudzuka kukatenga kansalu sikukanatheka. Mawondo a Eliza amalira akamadzuka, ndipo kuchoka pemphero lili mkati ndi mlandu woposa tiyi ndi buledi. Ndiye anachita chokhacho chomwe chinatsala. Anawerama, manja ali chigwirizire pachifuwa ngati wopemphera, n'kuyamba kukoka thovu ndi milomo. Tambula yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Pofika ku yachinayi, yoyamba inali itavalanso chipewa. Anayambiranso.

Mayi Anastazia anapempherera madalaivala onse a pa mzere. Anaolokera ku Zambia, n'kupempherera a kumeneko. Anakhotera ku Mozambiki. Eliza anazungulira matambula aja kanayi, kenako anatsikira pa thireyi yeniyeniyo. Kuzizira kunamukwera m'mutu n'kumubaya pakati pa maso ngati msomali, misozi ikungotsika yokha. M'mimba munali kale matambula anayi oyamba aja, ndipo mpweya wa soda unayamba kufunsa njira yobwererera.

"Ndipo mwana wanga Stefano mumuonjezere mnofu," anamaliza mayi Anastazia. "Ameni."

Eliza anatsegula pakamwa kuti avomereze. Chomwe chinatuluka sichinali Ameni. Anageya, kugeya kwakutali, kochokera pansi, kumene kunachititsa galu wa pakhomo kudzuka pakhonde n'kusuzumira m'nyumba.

Mayi Anastazia anatsegula maso. Anaona mpongozi wawo atagwada, maso ofiira, misozi m'masaya, ndevu zoyera kuyambira pamphuno mpaka pachibwano, dzanja limodzi litagwira mutu. Anaona matambula akufufumabe. Mayiwa mowa sanaulawepo chibadwire, ndipo amanyadira kuti thobwa lawo silinagwetsepo munthu. Koma thovu amalidziwa. Kwa iwo chinthu chikatulutsa thovu chokha, popanda moto pansi, ndiye kuti chasasa.

"Apongozi," anatero motsitsa mawu, "mwatiikira mowa?"

"Ayi, amayi."

"Alawa ndithu alamu anga," anatero Esitele, akukhazikika bwino pa chikwama chake. "Mwambo umati wopereka alawe kamodzi. Iwo alawa kanayi kanayi, ndawerenga."

"Unawerenga ndi maso ati, pomwe timapemphera?" anafunsa mayi ake. Esitele anayang'ana makatani.

Mayi Anastazia ndi munthu wosaweruza chakumwa asanachifunse. Anatenga tambula imodzi, n'kuinunkhiza. Anaipendeketsa, n'kuyang'ana mmene thovu likugwirira m'mbali. Anaviika chala, n'kulawa.

"Sichinasase," anatero. "Mwaphika liti?"

"Sindinaphike, amayi. Ndangosakaniza pompano."

"Pompano pomwe ndimati tipemphere?"

"Eee."

"Ndiye chafufuma chonchi pa pemphero limodzi?" Anaika tambula pansi pang'onopang'ono. "Tandionetsani chimera chake."

Eliza anakatenga kontena pansi pa bedi. Anathira soda pang'ono m'kapu, n'kugwetseramo kasupuni ka ayisikilimu. Thovu linanyamuka pomwepo. Mayi Anastazia anabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako anasendera pafupi kwambiri.

"Zaka makumi atatu," anatero. "Ndimanyika mawere, ndimawafunditsa, ndimadikira amere, ndimayanika, ndimagayitsa. Ndikathira mu phala ndimagona usiku wathunthu ndisanamve thobwa likuyankhula. Ichi chikuyankha usanachifunse n'komwe. Chimera choyera, chozizira, chosinjasinja kale. N'cha kuti?"

Apa mpomwe ndimati tiweruze mofatsa. Eliza akanatha kunena kuti, amayi, uwu ndi mkaka wowumitsa ndi shuga, thovulo ndi la soda. Anapita kusukulu, ankadziwa. Koma chikwatiwireni, mayi Anastazia anali asanamuyang'anepo ndi maso amenewo, maso a katswiri poyang'ana katswiri mnzake. Ndipo pakona paja panali Esitele, atakhalira chikwama.

"N'cha ku Zambia, amayi," anatero Eliza.

Stefano anatsokomola. Eliza anamuyang'ana, chifuwacho chinapola.

Mayi Anastazia anamwa fuloti yawo. Pa kumwa koyamba anagwira tsaya, poti kuli dzino lina limene siligwirizana ndi zozizira, koma anasamutsira chakumwacho tsaya linalo n'kupitiriza. Anakumba mango a pansi ndi supuni. Anamwanso ya Stefano, ati iye zingamulepheretse kudya mpunga. Kenako anapukuta pakamwa n'kukokera chigubu chija pafupi.

"Tiyese mu langa," anatero. "Ndikasambe m'manja kaye. Chimera sachigwira ndi manja a paulendo."

Atangotuluka, Esitele akuwathirira madzi pakhonde, Eliza anazindikira kuti bodza lake latsala ndi mphindi imodzi ya moyo. Ayisikilimu mu thobwa akangosungunuka phee, osatulutsa ngakhale kathovu. Anayang'ana chigubu. Chinali ndi mpata pamwamba, poti Esitele anamwako m'njira. Anayang'ana botolo lachiwiri la soda, losatsegula.

"Eliza, usatero," ananong'ona Stefano.

"Gwirani chigubu."

Stefano anagwira chigubu. Soda yense analowa, chitsekero chinabwerera pamalo pake, botolo linakankhidwira pansi pa mpando.

Mayi Anastazia anabwera manja ali m'mwamba ngati namwino. Anatsegula chigubu, anagwetseramo masupuni atatu odzaza, anatseka mwamphamvu, n'kuyamba kukhutchumula ndi manja onse awiri, mmene amachitira kuti chimera chilowerere. Thobwa limeneli linali litayenda kale maola awiri padzuwa pa keliyala ya njinga. Chigubu chinayamba kunenepa m'mbali, chinthu chimene Stefano sanachitepo.

"Amayi, mwina tichitulutse panja," anatero Stefano.

"Thobwa langa silinachitepo mwano m'nyumba ya munthu. Esitele, tsegula, ine manja atopa."

Esitele anachiika pakati pa miyendo, n'kuweramira, n'kupotokola chitsekero.

Chitsekerocho anachipeza mawa lake kuseri kwa wailesi. Thobwa linakwera molunjika, linamenya malata, n'kubwerera ngati mvula ija inakana kugwa Lachiwiri. Linagwera makatani, kalendala, chithunzi cha ukwati. Koma lambiri linathera pa Esitele, amene anakhala chikhalire, maso okha akuphethira mkati mwa phala, kachidutswa ka ayisikilimu kakutsetsereka pa duku. Galu uja analowa osaitanidwa n'kuyamba ntchito pamkeka.

Eliza anatseka maso. Mumtima anayamba kale kusankha mbali ya kabati yomwe amupatse Esitele.

Mayi Anastazia anayang'ana kudenga, kumene thobwa linali kudontha. Anatambasula dzanja, dontho linagwera pachikhatho, analawa.

"Masupuni atatu okha," anatero mwaulemu waukulu. "Ndikanaika asanu bwenzi tilibe denga."

Anatembenukira kwa mwana wawo wamkazi.

"Esitele, kasambe. Tikadya mpunga unyamule chikwama chako, ukwere kabaza dzuwa lisanapendeke. Palibe chomwe ungawaphunzitse apongozi angawa. Iwe thobwa lako limatenga masiku awiri, ndipo limatuluka ngati madzi otsukira mbale."

Inu, chimwemwe chimene chinamugwira Eliza sindingachifotokoze. Mutu unasiya kuwawa. Anathamanga kukatenthetsa madzi osamba a mlamu wake, anamupatsa sopo watsopano ndi thaulo la alendo, anamuikira ntchafu zonse ziwiri za nkhuku. Pomuperekeza anamunyamulira chikwama mpaka pa msewu, n'kuima akubayibitsa mpaka kabaza itazimiririka.

Atabwerera anapeza mayi Anastazia atavula nsapato, akuyeza kutalika kwa pabalaza ndi mapazi.

"Mkeka wanga uzikhala apa," anatero. "Wofunika kuphunzira muno ndi ine. Esitele akasamale mbuzi. Ine sindichoka mpaka nditadziwa kumeretsa chimera chimenechi ndekha, kuti ndisamavutitse anthu kuoloka boda. Chatsala m'kontenamo musachigwire, ndi mbewu. Mumanyika masiku angati?"

Eliza anayang'ana Stefano. Stefano anakumbukira kuti pali tayala lina limene analisiya losamata.

Pano ndi sabata yachitatu. Ena amati Eliza angoulula, ndipo ali ndi mfundo. Koma akaulula ndiye kuti mayeso aja analephera, ndipo Esitele akuti chikwama sanamasule, chili pafupi ndi chitseko ku Mkanda. Enanso amati zinthu sizinaipe kwenikweni: Eliza akamaweruka amapeza chakudya chapsa, mayi Anastazia sasuntha mbale za eni, ndipo Loweruka lililonse awiriwa amakhala pakhonde n'kumamwa fuloti ya mango ya m'kontena yatsopano yochokera ku Chipata, imene tsopano Eliza amathira soda pang'onopang'ono, tambula ataipendeketsa, pemphero litatha. Stefano akudya kawiri kuposa kale, ndipo lamba akumangabe pa bowo lomwe lija.

Mbewu ija mayi Anastazia anaipaka pa chiguduli chonyowa, n'kuifunditsa masamba a nthochi kuseri kwa chitseko. Nyerere za pa boda ponse zinamva, mpaka zina zikuoneka kuti n'zochokera ku Mwami. M'mawa uliwonse Eliza akamavala nsapato kuti azipita kuntchito, mayi Anastazia amagwada, n'kuvundukula masamba aja, n'kuyang'anitsitsa.

"Sichinamerebe, apongozi."

Ndipo Eliza amatenga chikwama chake, n'kuyankha ali pakhomo.

"Cha ku Zambia chimachedwa pa boda, amayi. Tidikire."